Dzanja la M'mphepete mwa Chithunzi

A Kingsford Likongwe anali atatopa ndi anthu odzafuna zithunzi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anagwira ntchito m'chipinda chosungiramo zithunzi cha nyuzipepala ina ya mu Blantyre. Tsiku limene nyuzipepalayo inatsekedwa, eni ake atalamula kuti makatoni onse akatayidwe kumtaya, iwo anabwereka lole ya mlamu wawo n'kututira makatoni makumi anayi kunyumba kwawo ku Nkolokosa. Nthawi imeneyo ankati akupulumutsa mbiri ya mzinda. Tsopano, mawondo atayamba kudandaula, maso akuona ngati m'nyumba muli utsi, ankangoona kuti anadzitutira mphemvu.

Odzafuna zithunziwo anali amodzimodzi. Ana a kuyunivesite ankajambula ndi mafoni awo n'kunyamuka, zikomo atamusiya m'thumba. A m'mabanja otchuka ankafuna agogo awo atavala suti akupatsana moni ndi azungu. Ena ankafuna msewu wa Victoria uli mbee, wopanda ogulitsa malonda, kuti akauike pa Fesibuku n'kulemba kuti kale kunali bwino. A Likongwe sankawatsutsa, ngakhale ankadziwa kuti kale kunangochuluka osesa, komanso wojambula wawo ankadziwa poima.

Lachitatu lina m'mawa pakhomo panafika mayi wina wa zaka za m'ma makumi anayi, thukuta lili kamukamu, atakwera maminibasi awiri kuchokera ku Chirimba. Anati dzina lake ndi Dailesi, amasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo amene anamulozera kuno ndi kasitomala wake. A Felicia, akazi awo a a Likongwe, anamupatsa mpando pakhonde ndi madzi akumwa.

"Bambo, Loweruka lino tikutsegulira ziliza za makolo athu," anatero Dailesi. "Amayi anatisiya chaka chatha, zithunzi zawo zilipo zambiri. Koma abambo anamwalira ine ndili ndi zaka ziwiri. Anali a Yona Zuze, ochokera ku Milanje, ankagwira ntchito kufakitale ya mabulangete ku Makata. Osindikiza pologalamu asiya malo awiri pachikuto. Kwina kuli amayi, kwinaku kuli bii. Akuti ndikapanda kupereka chithunzi pofika Lachisanu masana, aikapo mtanda."

"Mtanda si woipa," anatero a Likongwe.

"Si woipa ayi. Koma ine nkhope ya abambo anga sindinaionepo."

Anatsegula buku la mapemphero lothetheka m'mbali, n'kutulutsamo kapepala ka nyuzipepala kofiirira, kopindidwa kanayi. Panali anthu awiri atavala bwino, wina akudula liboni potsegulira nyumba yatsopano ya fakitale. Kumphepete kwenikweni kwa chithunzicho, kudzanja lamanja, kunali dzanja la munthu wovala ovolosi litagwira nsonga ya liboniyo. Munthu wake panalibe, chithunzi chinathera pachigongono. Dzanjalo linali ndi zala zitatu.

"Ziwirizo anazisiya m'makina," anatero Dailesi. "Amayi ankatiitana n'kumati, 'Taonani abambo anu ali m'nyuzi.' Ife tinkaseka. Koma wina wandiuza kuti chithunzi chenicheni chimakhala chachikulu kuposa chimene chimatuluka m'nyuzi. Ndiye ndati mwina iwo aliko."

A Likongwe anapumira m'mwamba. Zimene ananena mayiyo zinali zoona, koma vuto linali lina. Pantchito pawo zithunzi sizinkasungidwa potsata malo kapena chaka. Zinkasungidwa potsata dzina la munthu wamkulu amene waima pakati. Ofuna msika wa Limbe ankayenera kudziwa bwana amene anauyendera. Ofuna mlatho wa Mudi ankayenera kukumbukira amene anautsegulira. Munthu wovala ovolosi analibe envelopu yake, ndipo mawu a pansi pa kachithunzi ka Dailesi anali atafufutika kalekale ndi zala za mayi ake.

Akanatha kungomuuza kuti n'zosatheka, ndipo mtima wawo unkafuna zomwezo. Koma anatenga galasi lawo lokulitsira zinthu, mwa chizolowezi chabe, n'kuyang'ana. Wodula liboniyo sanamudziwe, pakuti odula maliboni anali ambiri masiku amenewo ndipo ankabwera n'kupita. Koma mzungu wa pambali pake, wa kabudula ndi sokosi zofika m'mawondo, kaliwo ali m'thumba la malaya, anamukumbukira.

"Uyu ndi Morris," anatero. "Ankayang'anira fakitale imeneyo. Chaka ndi chaka ankatitumizira bulangete limodzi kuti tigawane anthu khumi. Mayi a Tionge, katoni ya M ili pati?"

"Pansi pa anzake onse, monga mwa masiku onse," anayankha a Felicia.

Chipinda cha makatonicho kale chinali cha Tionge, mwana wawo wamkazi, asanakwatiwe. Tsopano munkanunkha fumbi ndi mankhwala a mphemvu. Dailesi ndiye anachita kunyamula makatoni asanu ndi imodzi, a Likongwe akungoloza ndi ndodo. M'katoni iliyonse maenvelopu anali ataima mondondozana, ndipo pakati pa dzina ndi dzina panali kachikatoni kopyapyala kotulukira pamwamba, kolembedwa dzina la mwini zithunzi ndi bolopeni. Zala za a Likongwe zinayenda pa tizikatonito mosafuna maso, mpaka zinaima pa Morris.

Munali zithunzi khumi ndi zinayi. Morris akupereka chikho cha mpira. Morris akulandira alendo. Morris akutsanzika pabwalo la ndege la Chileka. Cha liboni chinali chachisanu ndi chinayi, chowala bwino ngati chatsukidwa dzulo, koma chinali chopapatiza kuposa zinzake. Mbali ya kumanja inali yodulidwa ndi sizasi, mzere wowongoka bwino. Dzanja la zala zitatu linali pomwepo, ndipo linathera pachigongono.

Dailesi anachigwira nthawi yaitali. Anachitembenuza ngati kuti bambo ake abisala kuseri.

"Chifukwa chiyani ankadula?" anafunsa.

A Likongwe anafotokoza. Poyamba mkonzi ankangolemba mzere ndi pensulo yofiira kusonyeza pamene chithunzi chithere. Koma kosindikizira kunali mkulu wina wosamva, amene ankaiwala mzerewo, ndipo tsiku lina patsamba loyamba panatuluka mayi wogulitsa chimanga chootcha akuyasamula pambali pa mlendo wolemekezeka. Kuyambira pamenepo kunabwera lamulo loti zithunzi zizidulidwiratu zisanapite kosindikizira, osafunikira azichotsedwa.

"Ankadula ndani?"

"Akuluakulu a pantchito," anatero a Likongwe, maso ali pa katoni. "Ife tinkangosunga. Pepani mayi, apa ndiye pathera. Uzani osindikiza aike mtanda."

Anang'amba kapepala n'kulembapo nambala yawo ya foni, kuti mayiyo asaone ngati akumuthamangitsa. Zoona zake n'zakuti ankafuna apite, iwo akagone pang'ono. Bodza limene ananenalo linawavutitsa, ndipo anakwiya nalo ngati kuti wawanamizira ndi munthu wina.

A Felicia anali ataima pakhomo la chipindacho, manja ali m'chiuno. Anakhala ndi amuna awowo zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo ankadziwa bodza lawo likadali m'mimba. Analowa kuchipinda chogona n'kubwerako ndi chitini chakale cha mabisiketi, nachiika pamwamba pa katoni.

"Bambo a Tionge, inu tizikatoni tanu tamainati mumatiyang'ana mbali imodzi yokha. Ine wosesa m'nyumba muno ndimatola timene tagwa. Munayamba mwatitembenuzapo?"

Anatsegula chitinicho. Munali tizikatoni tomwe tija, tina tolembedwa maina a madokotala, tina a mabwana a makampani, koma a Felicia anatiika chagada. Pa kalikonse panali anthu. Mnyamata wogwira ambulera ya munthu amene sanalipo. Amayi atatu ovala yunifolomu ya Mvano, wachitatu atadulidwa phewa. Dalaivala atatsegula chitseko cha galimoto, maso ali pansi.

A Likongwe anakhala pa katoni ya M. Sikuti anali ataiwala. Ankadziwa bwino kuti m'zaka zimenezo mapepala olimba ankasowa, ndipo iwo, pokhala munthu wosataya kanthu, ankatola zidutswa zogwa pa sizasi n'kumalembapo maina kuseri koyerako, chifukwa pepala la chithunzi silipindika msanga. Ankadzitama nayo nzeru imeneyo. Kungoti pa zaka zonsezo sanaganizepo kuti zidutswazo ndi zithunzi. Kwa iwo zinali mapepala olembapo maina.

"Si zonse zili m'chitinimu," anatero a Felicia, akuyang'ana Dailesi. "Ndisakunamize mwananga. Makatoni atangobwera, zina ndinkayatsira mbaula, zimayaka bwino. Ndinaleka tsiku lina nditaona mayi wobereka mwana akundiyang'ana moto utamugwira kale nsalu. Ngati abambo ako anali m'gulu limenelo, undikhululukire."

"Nanga zotsalazo zilipo zingati?" anafunsa Dailesi.

"Dzina lililonse lili ndi kake," anayankha a Likongwe motsitsa mawu. "Maina alipo oposa zikwi zitatu. Ndipo sindinkaika chidutswa pafupi ndi chithunzi chake. Ndinkangotola chimene chili pamwamba."

Dailesi anavula nsapato, n'kumanga chitenje chake bwino. Anati makasitomala ake a ku Limbe adikira, madiresi sathawa.

Anayala mikeka iwiri pakhonde n'kuyamba ndi katoni ya A. A Likongwe ankasolola kachikatoni, n'kusiya kapepala ka nyuzipepala pamalo pake kuti maina asasokonekere, Dailesi n'kumatembenuza. A Felicia ankasanja: azimayi uku, ana a sukulu uku, apolisi ndi oimba bandi uku, ovala ovolosi pafupi ndi mwendo wa Dailesi. Ntchitoyo inali yotopetsa ndi yopweteka msana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero a Felicia, ndipo amuna awo anayankha kuti nkhonoyo ilibe mawondo ngati awo.

Pofika madzulo anali pa H, ndipo pamikeka panali Blantyre wina amene a Likongwe sanamuonepo, ngakhale anamusunga m'nyumba zaka zonsezi. Wojambula ankaloza kamera pa mabwana, koma m'mphepete munkalowa zimene iye sankazifuna. Kuseri kwa mayi wina wosenza nkhuni kunali phiri la Ndirande lili ndi mitengo mpaka pamwamba. Pambali pa mlonda wina panali sitolo ya a Abdala ya ku Limbe, nyenyezi yofiira yosonyeza kuti sitoloyo igwetsedwe italembedwa kale pakhoma, pamalo pomwe lero pali ogulitsa mafoni. Panali anthu a panjinga akutsika ku Makata m'mawa, mazanamazana, zitini za chakudya zili pakaliyala. Panali mzere wa anthu odikira basi ku Wenela, aliyense ataima pambuyo pa mnzake, popanda woitanira ngakhale mmodzi. A Likongwe anapezanso mesenjala wa pantchito pawo pomwe, mkulu amene anawaphikira tiyi zaka khumi ndi zisanu. Anayesetsa kukumbukira dzina lake koma linakana, ndipo anangomuika pamulu wa amuna.

Dailesi anabwerera ku Chirimba dzuwa lisanalowe. Lachinayi anafika m'mamawa, a Likongwe asanasambe n'komwe, atatenga mandasi m'kajumbo.

Ovala ovolosi anali ambiri kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Zikuoneka kuti liboni iliyonse imene inadulidwa mu Blantyre inali ndi munthu woigwira kunsonga, ndipo aliyense wa iwo anachotsedwa. Dailesi sakanatha kuwazindikira bambo ake ndi nkhope, motero aliyense wodulidwa mkono ankamutenga n'kumugundanitsa ndi chithunzi cha Morris, kuona ngati chigongono chikumana ndi dzanja. Ena mkono unali m'mwamba kwambiri, ena unali waukulu. Nthawi iliyonse ankayamba wayang'anitsitsa nkhopeyo kaye, ndipo a Likongwe ankaona kuti mayiyo akulola mwamuna aliyense kukhala bambo ake kwa kamphindi asanamubweze. Zinawamvetsa chisoni, ndipo chisonicho chinawatopetsa kuposa makatoni.

Masana anadutsa. Anatha M, anatha N ndi maina ake osatha, anatha P. A Felicia anasiya nthabwala, ndipo ankangoyang'ana kumbaula imene inali pakona ya khonde. Pa S a Likongwe anati apume. Dailesi anati apume ndithu, iye apitiriza yekha, ndipo iwo anachita manyazi n'kupitiriza.

Chinali m'katoni ya T, kuseri kwa dzina la woweruza milandu wina amene anamwalira kalekale. Dailesi anachitembenuza, nachiika pambali pa chithunzi cha Morris monga anachitira ndi zina zonse, mosayembekezera kanthu. Mzere wa sizasi unakumana ndi unzake. Chigongono chinalowa m'mkono, msoko wa ovolosi unapitirira, ngakhale njerwa za khoma la kumbuyo zinagwirizana.

Anali munthu wamfupi, woonda, ovolosi itamukulira. Sankayang'ana mabwana kapena kamera. Ankayang'ana cham'mbali, kwa anzake amene sanalowe m'chithunzi, akuseka ngati wina wamunena kuti lero wasanduka bwana. Pakati pa mano ake akutsogolo panali mpata. Dailesi anakweza dzanja n'kugwira pakamwa pake, pamene panali mpata womwewo.

"Koma ndi mwana," anatero. "Mayi, taonani. Ndi wamng'ono kuposa mwana wanga woyamba."

A Felicia anamukhalira pafupi n'kumugwira paphewa. Dailesi analira mosatulutsa mawu, atakweza chidutswacho m'mwamba kuti misozi isachigwere. A Likongwe anayang'ana kumsewu, kumene wa kabaza wina ankakangana ndi munthu amene anamunyamula.

Atapukuta m'maso, Dailesi anayendetsa chala pachifuwa cha bambo ake. Panali timizere totukuka, pamene bolopeni inadinda mwamphamvu kuchokera kuseri. Anatembenuza n'kuwerenga dzina la woweruza uja. Kenako anatsegula buku la mapemphero, natulutsa kapepala ka nambala ya foni kamene anapatsidwa dzulo lake, n'kuziika pamodzi. Ankadziwa kuyerekeza zinthu, pakuti ntchito yake inali yoona ngati nsalu ziwiri zachokera pa mpukutu umodzi.

"Bambo, zolemba izi ndi zanu."

"Ndi zanga."

"Nanga sizasi?"

A Likongwe anafuna kunena za lamulo, za mkonzi, za mkulu wosamva wa kosindikizira uja. Zonsezo zinali zoona, koma anali atatopa.

"Sizasi inalinso yanga," anatero. "Dzulo ndinakunamizani. Mkonzi ankalemba mzere, wodula ndinali ine. Onse mukuwaona pamikekapa ndinawadula ndine, ndipo ankandiyamikira kuti ndimadula mowongoka."

Dailesi sanawakalipire, ndipo iwo akanakonda akanawakalipira. Anangopisa m'chikwama chake n'kutulutsa bolopeni imene amalembera miyezo ya makasitomala.

"Ndiye mufufute dzina la munthu uyu," anatero. "Mulembepo la eni ake. Koma musadinde kwambiri."

A Likongwe analandira bolopeniyo. Anaika chidutswacho pabondo, nadula mzere pa dzina la woweruza, pang'onopang'ono. Kenako dzanja linaima. Ankakumbukira Morris ndi kaliwo wake, ankakumbukira woweruzayo ndi galimoto imene ankayendera, ankatha kutchula maina zikwi zitatu motsatana kuyambira A. Koma dzina limene mayiyu anawauza dzulo m'mawa, atakhala pampando womwewu, silinakhale m'mutu mwawo ngakhale pang'ono. Anayang'ana kwa akazi awo, koma a Felicia anayang'ana pansi, osawathandiza.

"Pepani mayi," anatero. "Paja munati dzina lawo ndani?"

Dailesi anawayang'ana m'maso.

"Yona Zuze," anatero, akutchula pang'onopang'ono monga amachitira munthu polembetsa kuchipatala. "Wa ku Milanje. Wa ku Makata."

Analemba zonsezo, ndipo anawonjezera chaka. Anamupatsa zidutswa zonse ziwiri, cha bambo ake ndi cha Morris chomwe, kuti osindikiza akalumikize munthuyo ndi dzanja lake. Dailesi anaziika m'buku la mapemphero, nawaitanira ku Chirimba Loweruka, n'kuthamangira minibasi kuti akapeze osindikiza asanatseke.

Pakhonde panatsala awiriwo ndi mikeka yodzaza anthu. Kamphepo kanayamba, ndipo a Felicia anatsindira milu ina ndi miyala, ina ndi makapu.

"Tibwezere m'makatoni?" anafunsa. "Mvula ingatipeze."

A Likongwe anayang'ana pamikekapo. Bolopeni ya Dailesi inali ikadali m'dzanja lawo, mwini wake ataiiwala. Anawerama movutikira n'kutola mesenjala uja pamulu wa amuna, namutembenuza. Kuseri kunali dzina la bwana wina wa kubanki. Anadula mzere pa dzinalo, n'kukhala atagwira bolopeni pamwamba pa malo otsalawo.

"Mayi a Tionge," anatero, "uja ankatiphikira tiyi kuntchito, amene anabwera kudzatithandiza kusenza bokosi pamaliro a mayi anu. Simukumukumbukira dzina?"

A Felicia anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Inu munkangomutchula kuti mesenjala," anatero.